Kuchokera Pansi pa Kachere Kukafika ku Chichiri

Sonkhezerani moto, adzukulu anga, ponyanipo zitsononkho zina. Chisanu cha kuno ku Kabwazi sichiona nkhope mwezi uno. Iwe wamng'onowe sendera kuno, utsamire mawondo angawa, poti nkhani yonseyi yayambira pa iwe. Achimwene akowa akuti Loweruka akutenge ku Lilongwe ukaone mpira pa bwalo la Bingu, amako akukana kwamtuwagalu, ndiye mlandu wafika kwa ine. Ndiugamula ndithu, koma mundilole ndiyende njira yanga. Nkhalamba silowera pachidule.

Inu mukamva liwu lakuti bwalo, m'maso mwanu mumabwera simenti, mipando yamawangamawanga ndi magetsi ataliatali. Ine liwu limeneli ndidalidziwa lili pansi pa mtengo. Bwalo la mudzi wathu lidali kuseri kwa pamene pali mjigo leropa, ndipo pakati pake padali kachere wamkulu woti amuna atatu atagwirana manja sakadamuzungulira. Palibe adalimanga ndi njerwa. Lidapangika ndi mapazi a anthu ndi matsache a amayi, mpaka dothi lake lidalimba gwa, ngati pakhonde pozira. Mmawa amfumu ndi nduna zawo ankakhala pamenepo kumva milandu: mbuzi yadya mmera wa mwini, mkamwini sakulima, malire a munda asuntha usiku. Mwezi ukawala atsikana ankavinapo chitelele, ife anyamata tikuthamangitsana chipako. Namwali akakula ankatulukira pomwepo. Munthu wamkulu akatisiya ankatsanzikidwa pomwepo. Chimwemwe ndi misozi zinkapondana mapazi pa dothi limodzi.

Si mudzi uliwonse udali ndi bwalo la gule. Mfumu inkayenera kulandira mzinda kuchokera kwa mfumu yaikulu, ndipo zikatero ndiye inkatchedwa mwini mzinda. Za kudambwe sindinena pano, ena mwa inu simudagule njira. Ndinena zokhazo zimene aliyense ankaziona ndi maso masana, ndipo mwa zonsezo chimene ndikufuna mugwire ndi munthu mmodzi amene tinkamutcha atsabwalo.

Atsabwalo a nthawi yanga adali nkhalamba yaifupi, yosalankhulalankhula, yoyenda ndi kanthyole m'manja. Tsiku la gule iwo ankadzuka tambala woyamba. Amayi akusesa, iwo ankayenda pang'onopang'ono bwalo lonse opanda nsapato, kufufuza ndi phazi lawo ngati pali chitsa, munga kapena phale. Akapeza kadzenje ankakakwirira. Anthu akayamba kusonkhana, iwo ndiwo ankawakhazika: amuna uku, amayi oyimba ndi kuomba m'manja uko, ife a ng'oma pafupi ndi moto wa udzu wowambira zikopa. Kenaka ankabwera kwa ana. Ana onse ankawaika kutsogolo, atakhala pansi, kuti aone bwino ndiponso kuti akuluakulu asawapsinje. Ndipo kumbuyo kwa anawo ankasiya mpata, njira yeniyeni yoti ngolo n'kudutsa. Munthu akaima pa mpata umenewo kanthyole kaja kankamupeza, ngakhale akhale mkamwini wa amfumu. Ine ndili mwana ndinkadabwa kuti mpatawo ngwa chiyani. Ndidadziwa tsiku limene kang'wingwi adatulukira mwaukali, fumbi koboo, ana tonse balala! Tidathawa ngati nkhanga, koma palibe ndi mmodzi yemwe adapondedwa, chifukwa njira idali yotsekula kale. Atsabwalo ankadziwa kuti khamu la anthu lili ngati madzi a mvula: usadawakonzere ngalande, adzipezera okha podzera m'nyumba mwako. Ankadziwanso mwana aliyense ndi dzina la amake. Gule akatha ankaima pansi pa kachere paja mpaka womaliza atanyamulidwa.

Mpira udatipeza kudzera kusukulu. Masiku amenewo bwalo la sukulu ndi bwalo la mudzi zinkaonana ndi diso lofiira, chifukwa amishoni, kaya a ku Nkhoma kaya a Katolika, sankafuna kumva za gule, ndipo akuluakulu a gule nawo sankafuna kuti ana awo akatayike kwa aphunzitsi. Ife anyamata tinkakonda zonse ziwiri, tinkangosamala pakamwa. Mpira wathu udali wachikulunga, wa nsanza zomanga ndi luzi, poti majumbo adali asadabwere. Magolo adali a milimo ya bulugamu imene chiswe chinkadya chaka ndi chaka. Zala zakumapazi zanga ziwirizi zidapindikira kumeneko.

Za bwalo lomanga ndi simenti tidazimva koyamba kwa atsibweni anga, amene ankagwira ntchito ku Limbe. Akabwera patchuthi ankatiuza kuti pakati pa Limbe ndi Blantyre, pamalo otchedwa Chichiri, azungu adamanga bwalo limene anthu amakhala mosanjikizana ngati zitsononkho m'nkhokwe, wina pamwamba pa mnzake, koma onse n'kumaona pakati. Linkatchedwa Rangeley, dzina la bwanamkubwa wina wa boma la atsamunda amene adamwalira mu 1958. Patapita zaka zambiri mphunzitsi wina adandiuza chinthu chimene chidandikhalitsa chete: Rangeley yemweyo adagwirapo ntchito ku Nkhotakota, ndipo mu 1949 ndi 1950 adalemba m'mabuku a azungu za gule wa kumeneko. Ndiye kuti munthu amene ankafunsafunsa za mabwalo athu a pansi pa mitengo, dzina lake lidakathera pa bwalo loyamba lalikulu la simenti m'dziko muno.

Atsibweni adaliko usiku wa pa 5 Julaye 1964, kucha kwake pa 6. Nkhani imeneyo adatisimbira kambirimbiri mpaka tonse tidailoweza. Ankati anthu adadzaza kuyambira dzuwa lili pamutu, ena atakwera m'mitengo kunja. Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi ya ku Mangalande, adabwera kudzapereka dziko. Pakati pa usiku mbendera ya azungu idatsika, ndipo idakwera yathu, yakuda, yofiira ndi yobiriwira, ili ndi dzuwa lotuluka. Ankati mfuu umene udamveka pamenepo udakagunda phiri la Ndirande n'kubwerera, kenaka makombola adang'amba thambo, agalu a m'Blantyre monse n'kuyamba kuuwa. Akafika apa atsibweni ankasiya kulankhula, n'kuyang'ana pansi. Iwo adali munthu amene kwa zaka zambiri ankavula chipewa pamaso pa kamnyamata kachizungu kochepa msinkhu kwa mwana wawo. Ife kuno tidamvera pa wailesi ya aphunzitsi, mudzi wonse titaunjikana pakhonde, batire likutha. Pambuyo pake, bwalo lija lidapatsidwa dzina la Kamuzu.

Ine ndidaliponda ndi phazi langa patatha zaka khumi, mu 1974. Pa nthawiyo ndidali nditakwatira kale agogo anu aakazi, ndipo dzanja langa linkadziwika pa mpanje. Kudabwera uthenga kuti boma lililonse litumize magule ake ku chikondwerero cha ufulu, ndipo ine ndidagwera m'gulu la oyimba ng'oma. Kukana kudalibe masiku amenewo. Tidakonzekera kwa masabata angapo, mtedza uli m'munda wosakumba. Tsiku la ulendo tidakwera lole yopanda lona, ng'oma tazikumbatira ngati makanda. Tidadutsa Linthipe, Dedza paboma, Bembeke kumene mphepo yake idatilowa m'mafupa, Lizulu, Ntcheu, mpaka kutsikira ku Balaka kumene tidavula magombeza. Pa Liwonde ndidaona mtsinje wa Shire koyamba, ine amene ndinkayesa Diamphwe ndiye mtsinje waukulu. Tidadutsa Zomba, limene lidali likadali likulu, ndipo tidafika ku Blantyre usiku, n'kukagona pansi m'kalasi ya sukulu ina.

Kutacha, ndikulowa pa chipata chija, miyendo idandigwedera. Adzukulu anga, ndidali ndisadaonepo anthu ochuluka chotero, ndipo mwa onsewo padalibe ndi mmodzi yemwe wondidziwa dzina. Uku phiri la Ndirande, uko la Soche, pakati anthu okhaokha mpaka kumwamba. Asilikali adaguba, bandi ya apolisi ikuliza malipenga owala ngati dzuwa. A Payoniya adachita masewera awo olimbitsa thupi, ana asukulu mazanamazana adandanda pakapinga n'kupanga malemba ndi matupi awo. Mbumba idadzaza mbali yathunthu, onse atavala nsalu ya nkhope imodzi. Kenaka Kamuzu adalowa ataimirira pa galimoto yosatseka pamwamba, suti yakuda, chipewa, magalasi akuda, litchowa likupita uku ndi uku. Iye ankalankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira m'Chichewa. Zaka zotsatira ntchito yomasulirayo inkagwiridwa ndi a John Tembo a kwathu konkuno ku Dedza.

Chabwino chimene bwalo lija lidandichitira ndichinena poyamba, chifukwa ndi chachikulu. Lidandionetsa dziko. Tsiku limodzi lokha ndidaona ingoma ya ku Mzimba, amuna a zishango akuponda pansi mpaka nthaka kunjenjemera. Ndidaona malipenga a ku Nkhata Bay atavala zoyera mbee, beni wa ku Mangochi, tchopa wa Alhomwe, vimbuza wa kumpoto. Ndidakhala pafupi ndi mkulu wina wa ku Nsanje, Chisena chake ine osachimvetsa bwino, koma adagwira mpanje wanga, kuugogoda ndi chala, n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo tidagawana fodya. Kufikira tsiku limenelo Malawi kwa ine lidali liwu la pa wailesi. Ndidabwerako ndikudziwa kuti ndi anthu, ndipo ali ndi ng'oma zawo.

Koma itafika nthawi yathu, zinthu zidavuta. Choyamba, moto wowambira ng'oma adatiletsa, ati tiwononga kapinga. Tidawamba kunja m'mamawa, ndipo pofika masana zikopa zidali zitazizira, mawu ake ngati munthu wachimfine. Chachiwiri, titayamba kuimba, mawu a ng'oma ankapita kukagunda khoma la simenti n'kubwerera mochedwa, moti khutu linkamva ng'oma ziwiri, yako ndi mzukwa wake. Mkulu wathu wa mbalule, amene kwathu ankalankhula ndi mapazi a chilombo ngati munthu ndi mnzake, adatuluka thukuta kufunafuna poponda. Chachitatu ndicho chidandiwawa. Inu mukudziwa kuti pagule fumbi ndiwe mwini. Gule amapalasa, ndipo ukatswiri wake umaoneka ndi fumbi limene wautsa. Pa Chichiri padali kapinga wothirira. Chilombo chidapalasa ndi mphamvu zake zonse, koma pansi padangoti zii, osadzuka kanthu. Amayi oyimba adali kutali, anthu oonera kutali kwambiri, moti padalibe wothawa, padalibe wofupa, padalibe mwana wobisala kumbuyo kwa amake. Ndipo pambali padaima bambo wa wotchi ndi wenzulo. Nyimbo yachiwiri isadathe, wenzulo idalira, akuti nthawi yatha, alowe ena. Gule amene kwathu ankayamba usiku n'kukafika madzulo a mawa lake, kumeneko adapimidwa ngati mchere wa pamsika.

Pobwerera mkulu wa mbalule uja sadalankhule kuyambira Limbe mpaka Ntcheu. Titafika kuno akuluakulu adagawanika pawiri. Ena ankati Kamuzu, mwana wa Achewa a ku Kasungu, wachotsa manyazi amene amishoni adatipaka, poti gule amene ankatchedwa wachikunja tsopano wavina pamaso pa alendo a maiko akunja. Ena ankati zinthu za mizimu zakwezedwa pa lole dzuwa likuswa mtengo, zasanduka sewero losangalatsa wamkulu. Ine mpaka lero ndili ndi mitima iwiri. Pamene tidamva mu 2005 kuti bungwe la UNESCO laika gule wamkulu m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, ndidakondwa, koma ndidakumbukiranso kapinga uja.

Ndisabise china. Si onse odzaza bwalo lija amene adapita mwa kufuna kwawo. Amayi ambiri ankasiya makanda ndi amuna odwala kukavina kwa masiku, ndipo wofunsa chifukwa chake ankadziitanira tsoka. Khamu lidali lalikulu zedi, koma mbali ina ya khamulo idasonkhanitsidwa ndi mantha. Kwathu pansi pa kachere munthu ukatopa unkanyamuka n'kupita kukagona.

Kumene anthu ankathamangira okha, popanda wowakankha, kudali kumpira. Ife a kutali bwalo lathu idali wailesi. Tinkaika mabatire padzuwa kuti apeze mphamvu, Loweruka masana n'kuzungulira kawailesi pansi pa mango. Wolengeza akati mpira uli kugolo la ku Ndirande kapena la ku Soche, ine ndinkatseka maso n'kuona malowo, anzanga n'kumandifunsa kuti kumeneko ndi kuti. Mudzi udagawanika pakati pa Maule ndi Manoma, Bata Bullets ndi Wanderers, anthu oti ku Blantyre sadapondeko. Mu 1978 dziko lathu lidalandira mpikisano wa maiko a kummawa ndi pakati pa Africa, ndipo anyamata athu, mphunzitsi wawo ali Ted Powell, adagonjetsa Zambia 3-2 mu ndime yomaliza. Chaka chotsatira adakautenganso ku Kenya, kugonjetsa eni bwalo 3-2. Mu 1988 chikho chidabweranso, Zambia yomweyo itagwa 3-1. Mayina a Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Young Chimodzi, Lawrence Waya ndi Ernest Mtawali tinkawatchula ngati a abale athu, ndipo pa bwalo la sukulu pano mwana aliyense wothamanga ndi chikulunga ankadzitcha Kinnah.

Tsiku limene sindidzaiwala ndi la pa 14 Juni 2008. Egypt idabwera pa Chichiri ili akatswiri a Africa yonse, Kinnah yemwe uja ali mphunzitsi wa Flames. Mpira udali wopanda chigoli mpaka nthawi idatha, ambiri titayamba kale kunena kuti kufanana mphamvu n'kokwanira. M'mphindi zowonjezera Chiukepo Msowoya adaumenya, ukonde n'kugwedera. Ine ndi imvi zangazi ndidalumpha, kugwetsa chipanda cha thobwa, agogo anu n'kutuluka m'khitchini akuyesa kwagwa ngozi. Usiku umenewo ng'oma zidalira m'midzi yonse yozungulira kuno popanda maliro kapena chinamwali. Chaka chotsatira Didier Drogba ndi anzake a ku Ivory Coast adapondanso pomwepo, ndipo adachokapo ndi 1-1.

Bwalo limenelo laona zambiri. Papa John Paul II adakumana ndi achinyamata pamenepo mu Meyi 1989. Mu Meyi 1994, anthu atasankha zipani zambiri pa riferendamu ya 1993, a Bakili Muluzi adalumbirira pa kapinga yemweyo amene mbumba inkavinapo, ndipo dzina lidasintha kukhala Chichiri. A Bingu wa Mutharika atalowa mu 2004 adabwezeretsa la Kamuzu. Werengani nokha: Rangeley, Kamuzu, Chichiri, Kamuzu. Aliyense wobwera ankathamangira kusintha chikwangwani, pamene simenti ikung'aluka pang'onopang'ono, mpaka mbali zina zidatsekedwa kuti anthu asakhaleko. Lathu lija linkangotchedwa pa Kachere kuyambira kalekale, ndipo tsache silinkasiya kulipitira.

Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mabwalo adatiyandikira. Civo ku Area 9, Silver ku Area 47 ya anyamata a banki yaikulu, Nankhaka ku Area 30 ya apolisi. Ndikagulitsa fodya ku Kanengo ndinkapatula kandalama kolowera pa Civo, n'kugula nzimbe, n'kukhala mbali yadzuwa ndi anthu osawadziwa amene pofika kumapeto tinkakhala titakumbatirana kapena titatukwanizana. Ndipo pano paboma pathu pa Dedza, m'tsinde mwa phiri, mwaona nokha matimu akuluakulu akubwera kudzakumana ndi Dedza Dynamos, alendo akunjenjemera ndi mphepo yathu. Zimenezo kale tinkangozilota.

Tsopano ndafika pa bwalo limene mukufuna kupitalo. Lili ku Area 48. Adamanga ndi Matchaina, ndi ngongole ya madola a ku America pafupifupi 70 miliyoni, ndipo limalowa anthu oposa 41,000, aliyense pampando wake. A Peter Mutharika adalitsekulira mu Januwale 2017, n'kulipatsa dzina la mkulu wawo. Ndidaliona ndikudutsa pa minibasi, denga lake litapindika ngati nyanga ziwiri za ng'ombe, ndipo ndidanyadira. Ndidati nafenso tili ndi pokhazika alendo.

Miyezi isanu yokha itadutsa, pa 6 Julaye 2017, dziko likukumbukira zaka 53 za ufulu, kudakonzedwa mpira wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers, wolowa ulere. Liwu lakuti ulere mukulidziwa mphamvu yake kwa mwana wa ku Mtandire, amene bwalo amaliona tsiku ndi tsiku ali kunja kwa mpanda. Ana adalawirira m'bandakucha, ena osadya kanthu, ena atazemba makolo. Zipata zimene zidayenera kutsekulidwa mmawa zidachedwa maola angapo. Anthu ankangowonjezekera kumbuyo, a kutsogolo atapanikizidwa kuzitsulo. Pamene khamu lidayamba kukankha, apolisi adaponya utsi wokhetsa misozi. Anthu adafuna kuthawa, koma kothawira kudalibe. Adafa anthu asanu ndi atatu, ndipo asanu ndi awiri mwa iwo adali ana. Ena ambiri adagonekedwa ku chipatala cha Kamuzu Central. Masana ake mpira udaseweredwabe.

Ndidamva nkhaniyi pa wailesi ndikusenda mtedza pakhonde apa. Ndidazimitsa wailesiyo, ndipo nsima ya tsiku limenelo sidapite. Amene adabwera m'maso mwanga ndi atsabwalo aja ndi kanthyole kawo. Nkhalamba yosadziwa kulemba dzina lake inkadziwa kuti ana amakhala kutsogolo atakhala pansi, ndipo kumbuyo kwawo umasiya njira. Bwalo la mamiliyoni lidali ndi mipando, magetsi, zokuzira mawu, alonda a yunifolomu, koma mmawa umenewo padalibe munthu amene ntchito yake idali kuyang'ana khamu lija n'kunena kuti, apa pali ana, tsekulani, akuluakulu bwererani m'mbuyo. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, timatero pakamwa. Ana amene aja adali a msinkhu wako iwe wanditsamirawe. Adachoka pakhomo atasamba, akusekerera, kukaona mpira pa tsiku la ufulu. Mbendera imene atsibweni anga adailirira pa Chichiri inkauluzika pamwamba pawo.

Dikirani pang'ono, utsiwu walowa m'maso.

Zitachitika zimenezo bwalolo lidapitiriza moyo wake, monga mabwalo amachitira. Mu 2021 akuluakulu a mpira mu Africa adati silidali loyenera masewera a maiko, moti Flames idakalandirira alendo ake ku Orlando Stadium ku Johannesburg, ku Joni komwe azigogo anu ankapita ndi Wenela kukakumba golide. Kumeneko tidagonjetsa Mozambique 1-0, koma padalibe wa ku Kabwazi woti n'kukwera njinga kukaona. Lidakonzedwa, masewera n'kubwerera. Ndipo mu Juni 2024, ndege itagwa ku Chikangawa, mwambo wa maliro a wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, a Saulos Chilima, udachitikira momwemo, thupi lawo lisadadutse pamsewu wathu waukuluwu kupita ku Nsipe. Nditamva kulira kwa anthu m'bwalomo pa wailesi, ndidati tsopano nalonso lafanana ndi la pansi pa kachere, laona chimwemwe, laonanso maliro.

Kachere wathu adagwa chaka cha mvula yamphamvu, inu musadabadwe. Theka la bwalo lija pano ndi munda wa soya. Gule akadalipo, mumamuona nokha pa ziliza ndi polonga mafumu, ndipo chaka ndi chaka mwezi wa Ogasiti anthu amapita ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Koma kanthyole ka atsabwalo aja sindidaone amene adakatola ndi mtima wonga wawo.

Tsono mlandu uja ndiugamule. Mayi, mwanayu mlekeni apite. Ine ndidaona Shire ndili ndi ndevu kale, iyeyu aone dziko akadali wamng'ono, amve mmene anthu 40,000 amafuulira pakamwa pamodzi, chifukwa zimenezo wailesi siinganyamule. Koma iwe wamkuluwe, yang'ana kuno. Loweruka atsabwalo ndiwe. Mukakwere minibasi yoyamba, mukafike dzuwa lisadakwere, matikiti mugule anthu asadachuluke. Mukapeza chipata chili chotseka ndipo anthu aunjikana, musakalowe pakati, mukaime patali ngakhale mpira uyambe muli kunja. Polowa umunyamule paphewa. Mukakhala pansi, usadayang'ane kapinga, uyambe wapeza ndi maso potulukira pawiri, ndipo umuonetse. M'thumba la kabudula wake muikemo kapepala ka dzina la mudzi uno ndi nambala ya foni ya amake. Mpira ukatha musakathamangire kutuluka, mukhale pampando mpaka anthu aphwe, mudye nzimbe zanu.

Pita ukatenge kachitini kali pansi pa mphasa yanga. Muli ndalama ya mtedza wa chaka chino, mutengepo ya ulendo ndi ya chakudya. Ndipo iwe wamng'onowe, ukakalowa ukaombe m'manja kamodzi mwamphamvu, n'kutchera khutu. Udzandiuze ngati nakonso mawu amapita kukagunda khoma n'kubwerera.